Kadi ya Cipani ndi Mitima Iwiri

Tikamakamba za kumenyera ufulu wa Zambia, timaonetsa monga kuti anthu onse anali kuimba nyimbo imodzi. Sizinali tero. Ambiri amene anafunitsitsa kuti ulamuliro wa Azungu uthe anali kung'ung'udza ndi malamulo a gulu lao lomwe.

Kenneth Kaunda, amene anatengera nzeru za Gandhi, analalikira kuti UNIP isacite ciwawa. Koma utatha msonkhano wa ku Mulungushi mu July 1961, Cha Cha Cha inabuka ku Luapula ndi kucigawo ca Kumpoto. Acinyamata anagwetsera mitengo m'miseu, anaononga milatho, anatentha masukulu. Kwa iwo, kuleza mtima kwa atsogoleri kunali kutaya nthawi. Nanga kholo limene mwana wake anali kuphunzira pa sukulu yotenthedwayo? Linali kufuna ufulu nalonso, koma m'mawa mwake mwana analibe kopita. Kutentha citupa nako kunali kolimbitsa mtima pa msonkhano, koma munthu wopanda citupa anabvutika kupeza nchito m'tauni.

Cimene cinawawa kwambiri, mwa kuona kwanga, ndi kadi ya cipani. Poyamba inali cizindikiro ca kulimba mtima, cifukwa kuisunga kunali kudziika pangozi. Pang'onopang'ono inasanduka ciphaso. Acinyamata a cipani anayamba kuifunsa pamsika ndi m'midzi, ndipo amene analibe anayesedwa wogulitsa dziko. Munthu angakonde Kaunda ndi mtima wonse, koma kuimitsidwa ndi mnyamata wa msinkhu wa mwana wake kuti aonetse pepala kunali kumkumbutsa citupa cija anatentha.

Ku Chinsali, kwao kwa Kaunda ndi Simon Kapwepwe, nkhaniyi inafika poipa. Mpingo wa Lumpa wa Alice Lenshina unali ndi anthu ambiri amene kale anagwirizana ndi omenyera ufulu. Mpingo utaletsa anthu ake kulowa ndale, malamulo awiri anakumana m'nyumba imodzi: cipani cikuti gula kadi, mpingo ukuti itaye. Abale anatenthelana nyumba ndi macalici. Mu July ndi August 1964 asilikali analowererapo, ndipo nkhondo inafika mpaka ku Lundazi. Anthu mazana ambiri anafa, zikwi zinathawira ku Congo. Mbendera yatsopano inakwezedwa pa 24 October, ambiri a iwo ali kutali ndi kwao.