Chipatala Chimene Chidabadwira M'ndende

M'maboma onse a dziko lino, kuyambira ku Chitipa mpaka ku Nsanje, munthu akayamba kulankhula zosalongosoka salephera kupezeka womuseka kuti, "Ameneyu ngofunika ku Zomba." Mawuŵa amanenedwa mwanthabwala, koma m'kati mwake muli mantha akale. Mabanja ambiri amalola kubisa mbale wawo m'nyumba zaka ndi zaka kusiyana n'kupita naye ku chipatala cha odwala misala, poganiza kuti kumeneko n'kotsekera anthu. Mantha otere ali ndi gwero lake, ndipo wofuna kulipeza ayenera kubwerera ku nthaŵi ya Atsamunda, pa chipata cha ndende yaikulu ya ku Zomba.

Dziko lino lidaloŵa mu ulamuliro wa Britain m'chaka cha 1891, ndipo Zomba ndiye adali likulu la boma. M'chaka cha 1910 akuluakulu a boma adapatula chigawo china cha ndende kuti chikhale chosungiramo akaidi ozungulira mutu, nachitcha Zomba Lunatic Asylum. Apa ndiye padayambira ntchito ya boma yoona za matenda a maganizo m'Nyasaland. Oyang'anira malowo adali asilikali a ndende, anthu ophunzitsidwa kulonda ndi kulanga, ndipo mkulu wawo adali wa nthambi ya za ndende. Dokotala wa boma ankangofikako kudzaona matenda a m'thupi. Funso lalikulu pa munthu aliyense woloŵa pa chipatacho lidali lakuti, kodi ngoopsa kapena ayi? Za chimene chikumuvuta ndi m'mene angachirire zinkabwera pambuyo.

Kumidzi, kuyambira kale, wodwala misala ankasamalidwa ndi abale ake. Ankapita naye kwa sing'anga, ankamupepesera kwa mizimu ya makolo, ndipo kumpoto ena ankamuimbira ng'oma za vimbuza. Chisamaliro chimenechi chidali ndi nkhanza zakenso, pakuti wodwala wachiwawa ankamangidwa zingwe kapena kuvekedwa goli m'khosi. Boma la Atsamunda lidakondwa kuusiya mtolo umenewu m'manja mwa mafumu ndi mabanja, chifukwa potero silinkataya ndalama. Linkaloŵererapo pokhapokha wodwalayo akapha munthu, akatentha nyumba, kapena akayamba kusokoneza pa msika, pa esiteti ya Mzungu ngakhale pa ofesi ya Bwana Disi. Njira yopita ku Zomba tsono inkadzera kupolisi ndi ku bwalo la milandu. Amene bwalo lamupeza kuti adalakwa ali wozungulira mutu ankasungidwa mpaka tsiku limene Bwanamkubwa adzafune kumutulutsa. Mkaidi wamba ankatha kuŵerenga zaka zake pa zala nadziŵa tsiku lotuluka, pamene wodwala adalibe tsiku loti aliyembekeze.

Malo ameneŵa adali a anthu akuda. Pa kalembera wa m'chaka cha 1931 Azungu m'Nyasaland sadakwane 2,000, pamene eni dziko adaposa 1,500,000. Komabe Azungu oŵerengekawo adali ndi zipatala zawozawo ku Zomba ndi ku Blantyre, pamene unyinji wa anthu akumidzi unkadalira zipatala za mishoni ndi timakiliniki tosoŵa mankhwala. Mzungu akadwala misala sankatsekeredwa pamodzi ndi akaidi akuda. Ankatumizidwa kunja kwa dziko, kum'mwera kapena kwawo ku Britain. Ulamuliro wa anthu ochepa pa anthu ochuluka udatsamira pa chikhulupiriro chakuti Mzungu ndi wanzeru zoposa, motero Mzungu wopenga adali chinthu chosayenera kuonedwa ndi antchito ake.

Tsankho lomweli lidaonekeranso poyera ku Southern Rhodesia, dziko limene amuna ambiri a kuno ankapitako kukagwira ntchito. Chipatala cha Ingutsheni ku Bulawayo, chimene chidatsegulidwa m'chaka cha 1908, chinkalandira mitundu yonse, koma m'zigawo zosiyana. Odwala achizungu ankapatsidwa chakudya, zogonera ndi chisamaliro chabwinopo, pamene odwala akuda ankathithikana m'zipinda ndi kugwira ntchito za m'munda ndi zochapa zothandiza kuyendetsa chipatalacho.

Kafukufuku woyamba wodziŵika wa odwala a ku Zomba adachitika m'zaka za m'ma 1930. Madokotala aŵiri a boma, H. M. Shelley ndi W. H. Watson, adaŵapima odwalawo, ndipo zimene adapeza zidasindikizidwa ku Britain m'chaka cha 1936. Iwo adagaŵa zobwebweta za odwala m'magulu aŵiri. Gulu lina lidali la zonena za ufiti ndi mizimu, zimene adati n'zachikuda. Gulu linalo lidali la zonena za chuma, maudindo ndi zinthu za Azungu, zimene adati n'zachizungu. Ataona kuti pakati pa odwalawo padali anthu amene adapitako kusukulu kapena kugwira ntchito kwa Azungu, adatsamira ku ganizo lakuti maphunziro ndi moyo wachilendo n'zimene zimasokoneza mutu wa munthu wakuda.

Ganizo limeneli lidali ndi chilema chimene mwana wa sukulu angathe kuchiona. Anthu amene adali m'chigawo chija sadali chithunzi cha odwala onse a m'dziko. Adali okhawo amene adagwa m'manja mwa boma, ndipo wogwa m'manja mwa boma kaŵirikaŵiri adali munthu wokhala pafupi ndi tauni, kalaliki, mphunzitsi, msilikali kapena wantchito wa pa esiteti. Mayi wa kumudzi wakutali amene adaleka kudya ndi kulankhula atataya mwana sadaŵerengedwe ndi munthu. Ndiponso munthu wolipitsidwa msonkho, wogwira thangata pa dziko la makolo ake, akadwala n'kumalota ali Bwanamkubwa, n'zodabwitsa kodi? Zobwebweta zake zinkanena za dziko limene ankakhalamo. Koma ganizo la madokotala aja lidakomera boma, chifukwa lidaloza chala sukulu ndi tauni, n'kusiya msonkho, thangata ndi ulendo wa ku Joni umene unkasiya mabanja opanda abambo.

Ku Kenya maganizo otere adafika patali koposa. Pa chipatala cha Mathari ku Nairobi, chimenenso chidayamba m'chaka cha 1910, dokotala H. L. Gordon ankaphunzitsa kuti munthu wakuda ngochepa nzeru chibadwire. Mnzake F. W. Vint adayeza ubongo wa anthu akufa, ndipo m'chaka cha 1934 adalemba kuti ubongo wa munthu wamkulu wakuda ngofanana ndi wa kamnyamata kachizungu. Pambuyo pawo padadza J. C. Carothers, amene adayang'anira Mathari kuyambira 1938 mpaka 1950. Iyeyu adayerekeza munthu wakuda wabwinobwino ndi Mzungu amene madokotala amudula mitsempha ya mbali yakutsogolo ya ubongo. M'chaka cha 1953 Bungwe Loona za Umoyo pa Dziko Lonse lidasindikiza buku lake lotchedwa The African Mind in Health and Disease, ndipo potero maganizo ake adalandira ulemu wa sayansi. Chaka chotsatira, boma la Kenya lidamupempha kuti afotokoze za nkhondo ya Mau Mau. Iye adaifotokoza ngati kusokonezeka kwa maganizo a Akikuyu olephera kupirira moyo watsopano, pamene eni akewo ankalirira minda imene adalandidwa. Nthaŵi imeneyo n'kuti anthu zikwizikwi ali m'misasa ya ukaidi.

Mwa ziphunzitso zonse za madokotala ameneŵa, chimene chidapweteka anthu mwakachetechete n'chakuti munthu wakuda sadwala kaŵirikaŵiri nthenda ya kukhumudwa kwakukulu, ati chifukwa salingalira zakuya ndipo sadziimba mlandu mumtima. Kafukufuku wa zaka zotsatira adaonetsa kuti nthendayi ilipo mu Africa monga ilili kwina kulikonse, kungoti odwala ambiri amaifotokoza ndi mawu a m'thupi: mutu, mtima kuthamanga, kusoŵa tulo, kuganiza kwambiri. Koma boma lokhulupirira kuti nthenda kulibe silimanga chipatala chake, ndipo siliphunzitsa anamwino ake. Limangomanga mpanda wosungiramo oopsa.

Woyamba kutsutsa zimenezi mwamphamvu, ndi mawu ndi ntchito zomwe, adali dokotala wa ku Nigeria, Thomas Adeoye Lambo, amene adaphunzira za matenda a maganizo ku Britain. M'chaka cha 1954, ku Aro pafupi ndi mzinda wa Abeokuta, iye adagwirizana ndi mafumu kuti odwala azigona m'midzi yozungulira chipatala, aliyense pamodzi ndi mbale wake womusamala, namapita kukalandira mankhwala masana. Adagwiranso ntchito ndi asing'anga ena a m'deralo. Odwala ambiri ankachira ndi kubwerera kwawo popanda kuona loko pa chitseko. Lambo adaonetsa kuti maganizo a munthu wa mu Africa amadwala ndi kuchira monga a munthu wina aliyense, ndipo pambuyo pake adakhala wachiŵiri kwa mkulu wa bungwe lomwe lija lidasindikiza buku la Carothers.

Ku Zomba zinthu zinkasintha mwa pang'onopang'ono. M'chaka cha 1943 padatsegulidwa chigawo china cha odwala ofatsa. M'chaka cha 1948 padakhazikitsidwa lamulo latsopano la kasamalidwe ka odwala misala, ndipo m'chaka cha 1951 udindo udachoka ku nthambi ya za ndende kupita ku nthambi ya zachipatala, patapita zaka 41 chiyambire. Chipatala chatsopano chidamangidwa m'chaka cha 1953, chaka chimene Chitaganya chidayamba. M'zaka zomwezo mankhwala otchedwa chlorpromazine, amene adayesedwa koyamba ku France m'chaka cha 1952, adayamba kufala pa dziko lonse, ndipo odwala amene kale ankangomangidwa adayamba kudekha ndi kubwerera kwawo.

Malaŵi atalandira ufulu m'chaka cha 1964, adalandira pamodzi ndi ufuluwo choloŵa cha mbiri imeneyi. Chipatala chachikulu chidali chimodzi chokha, kutali ndi munthu wa ku Karonga kapena ku Mchinji. Lamulo la 1948 lidagwirabe ntchito zaka zoposa 70. Malamulo a milandu amene Atsamunda adasiya adaika kuyesa kudzipha m'gulu la milandu, kotero kuti kwa zaka zambiri munthu wofunika dokotala ankatha kukumana ndi wapolisi poyamba. Zina zidakonzedwa: anamwino a matenda a maganizo adaphunzitsidwa natumizidwa m'zipatala za m'maboma, ku Bwaila mu Lilongwe kudakhala chigawo cha odwala otere, ndipo m'zaka za m'ma 1990 a St John of God adayamba ntchito yawo ku Mzuzu. Mbiri ya chigawo chakale chija idalembedwanso bwino ndi Megan Vaughan, amene adaphunzitsapo ku Chancellor College, m'nkhani yake ya m'chaka cha 1983. Ndipo m'chaka cha 2009 bwalo lalikulu lidagamula kuti kuthithikana kwa akaidi m'ndende za dziko lino n'kuzunza anthu kosemphana ndi malamulo. M'chipinda chodzaza chotero, mkaidi wodwala maganizo ndiye amavutika koposa anzake.

Atsamunda adapita, koma funso lawo lakuti "kodi ngoopsa?" likadafunsidwabe m'mabanja, pamene mbale asiyidwa osalandira thandizo mpaka tsiku limene adzaswe zinthu, ndiyeno n'kumufikitsa kuchipatala ali womangidwa zingwe. Matenda a maganizo ali ndi mankhwala, ndipo amachizika bwino akapezedwa msanga, monga chifuwa chachikulu kapena malungo. Poyambira pake ndi pa chipatala chapafupi, munthu akangoyamba kusoŵa tulo, kudzipatula kapena kulankhula yekha. Makolo adati wamisala adaona nkhondo, kutanthauza kuti mawu a munthu wonyozeka ayenera kumvedwa. Odwala a m'chigawo cha ndende chija adalankhula zaka 41, ndipo mawu awo adalembedwa ngati umboni wa kufooka kwa mtundu wawo. Wodwala wa lero ali ndi namwino wa mtundu wake ndi wa chinenero chake woti amumvere, malinga abale ake amufikitse kwa iye nthaŵi ikadalipo.