Katundu Wogula Osamuona: Mbiri ya Filimu ya Zithunzi mu Blantyre

M'nyumba zambiri za ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa ndi Machinjiri muli chuma china chimene sichisungidwa kubanki. Chumachi ndi zithunzi zakale zakuda ndi zoyera, zina zopachikidwa pakhoma, zina zogonekedwa pansi pa sutikesi pamodzi ndi mtchatho wa ukwati. Pa zithunzizi timaona agogo athu ali anyamata ndi atsikana: wina wagwira njinga yake yatsopano, wina wakhala pampando atafukata wailesi, wina watchena yunifolomu ya sukulu. Tikamaziyang'ana timatama luso la wojambula, koma sitidzifunsa kumene anapeza filimu yojambulira. M'Malaŵi simunakhalepo fakitale yopanga filimu. Motero chithunzi chilichonse chotere ndi umboni wakuti munthu wina kuno kwathu anakhulupirira wogulitsa wakutali amene sanaonane naye maso ndi maso, ndipo wogulitsayo sanamugwiritse fuwa lamoto.

Kuti timvetse kukula kwa chikhulupiriro chimenechi, tiyambe taona mmene filimu ilili. Filimu ndi kalamba kopyapyala ka pulasitiki kopakidwa mankhwala a siliva osakaniza ndi zomatira zotchedwa jelatini. Kuwala kukagwa pa mankhwalawo, amasintha mosaoneka ndi maso, ndipo chithunzi chimatuluka pokhapokha filimuyo itatsukidwa m'chipinda chamdima. Apa ndiye pagona vuto. Wogula nsalu amaitambasula, wogula nsomba amainunkhiza, wogula mbuzi amaiyang'ana mano. Wogula filimu alibe mwayi wotere, pakuti akangoitambasula poyera kuti aione, basi yapsa. Kutentha, chinyontho ndi kukhalitsa zimaiwononganso mwakachetechete, kabokosi kake kakuonekabe katsopano. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Zithunzi zoyambirira za chigawo chino cha Africa zinajambulidwa filimu isanabadwe. Dr John Kirk, amene anayenda ndi David Livingstone m'mitsinje ya Zambezi ndi Shire pakati pa 1858 ndi 1863, ankajambulira pa mapepala amene ankawanyika yekha m'mankhwala ochokera ku Britain. Mishoni ya Blantyre itakhazikitsidwa mu 1876, luso limeneli linafika m'manja mwa Amalaŵi. Mmodzi mwa oyamba anali Mungo Murray Chisuse, wosindikiza mabuku wa pamishonipo, amene anapita ku Scotland mu 1885 ndi mu 1897, ndipo pambuyo pake anatsegula situdiyo yake mu Blantyre. Zina mwa zithunzi zochepa zimene zimationetsa nkhope ya M'busa John Chilembwe ndi banja lake zinajambulidwa ndi Chisuse.

Ojambula ambiri a nthawi imeneyo ankagwiritsa ntchito magalasi opaka mankhwala m'malo mwa filimu. Taganizirani ulendo wa bokosi la magalasi otere. Linkayenda pa sitima ya panyanja kufikira ku Chinde, pamathiriro a Zambezi. Kuchoka apo linkakwera sitima yaing'ono yodzera mu Zambezi ndi Shire mpaka ku Chiromo kapena kwa Katunga, kufupi ndi Chikwawa, m'chigwa chotentha koopsa. Kenaka amtengatenga ankalisenza pamutu kukwera nalo mapiri mpaka ku Blantyre. Njanji yochokera ku Port Herald, kumene lero timati ku Nsanje, inafika mu Blantyre mu 1908, ndipo mlatho wa Dona Ana pa Zambezi unatsegulidwa mu 1935, kotero kuti katundu anayamba kuyenda pa sitima ya pamtunda kuchokera ku Beira osatsitsidwa pamtsinje. Ulendo unafupika, koma wogula anali wosapenyabe monga kale.

Pa nthawi yomweyi luso lojambula linali kuphweka. George Eastman wa ku Rochester, ku America, anatulutsa kamera ya Kodak yogwiritsa ntchito filimu yokulunga mu 1888, ndipo mu 1900 anatulutsa kamera ya Brownie imene inkagulidwa dola imodzi yokha. Ku England kunali kampani ya Ilford, imene Alfred Harman anaiyambitsa mu 1879. Ku Germany kunali Agfa. Ndipo ku Japan kunadzabadwa Fuji mu 1934. Makampani amenewa anazindikira kuti munthu sangagule katundu wosaoneka popanda chomulimbitsa mtima. N'chifukwa chake ankamata mabokosi awo mosamala, kusindikizapo dzina lawo, nambala ya gulu la filimuyo ndi tsiku lothera mphamvu. Kunena zoona, chimene munthu ankagula sichinali filimu yokha ayi, komanso lonjezo la kampani.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, makamaka dziko litalandira ufulu mu 1964, anthu ambiri anakhamukira mu Blantyre kudzafuna ntchito, ndipo ambiri anamanga m'malokeshoni. Moyo wa m'tauni unkafuna zithunzi. Wofuna chiphaso choyendera, wofuna laisensi yoyendetsera galimoto, wofunsira mbeta yakutali, onsewa ankasowa chithunzi. Amuna amene anapita kumigodi ya ku Johannesburg kudzera ku Wenela, kapena ku Southern Rhodesia kudzera ku Mthandizi, ankatumiza zithunzi kumudzi kuti abale aone kuti ali moyo, ndipo nawonso ankalakalaka kuona nkhope za ana amene anawasiya ali m'chikuta. Ena mwa iwo pobwerera ankanyamula kamera pamodzi ndi mabulangete ndi wailesi. Motero kuwonjezera pa masitudiyo a m'tauni ya Blantyre ndi Limbe, m'malokeshoni munabuka ojambula oyendayenda, kamera ili pakhosi, opezeka pa maukwati, pa zinkhoswe, pamatchalitchi ndi pamasukulu.

Wojambula wotere anali kumapeto kwa mndandanda wautali wa anthu. Filimu inkachoka kufakitale kupita kwa woimira kampani, kwa woyendetsa sitima, kwa oona za msonkho, kwa wamalonda wa pikulitsa, kenaka kwa mwini sitolo mu Limbe kapena mu Blantyre. Pa anthu onsewa wojambula ankadziwa mmodzi yekha, wa m'sitolo. Koma zinthu zikalakwika, wonyozedwa anali iyeyo. Tiyerekeze kuti wajambula ukwati ku Zingwangwa Loweruka, filimu imodzi ya zithunzi 36. Lolemba potsuka apeza kuti nkhope zonse zachita chifunga chifukwa filimuyo inakhalitsa padzuwa padoko. Ukwati sabwereza. Ankhoswe sangapite ku Rochester kukadandaula; adzafika pakhomo pa wojambula. Ndalama angathe kubweza, koma mbiri yake yaipa, ndipo mulokeshoni mbiri imathamanga kuposa njinga.

Zochitika zakutali nazo zinkagwedeza ntchitoyi. Popeza filimu imapangidwa ndi siliva, mtengo wake unkatsata mtengo wa siliva. Kumayambiriro kwa 1979 aunsi imodzi ya siliva inali pafupifupi madola 6, koma pofika Januwale 1980 inayandikira madola 50, makamaka chifukwa chakuti abale a banja la Hunt a ku Texas anagula siliva wochuluka zedi. Makampani a filimu anakweza mitengo. Posakhalitsa nkhondo ya ku Mozambique inatseka njanji za ku Beira ndi ku Nacala, kotero kuti pofika 1984 katundu wambiri wa dziko lino ankazungulira njira zazitali za pamsewu kuchokera ku Durban ndi ku Dar es Salaam. Kwa filimu, tsiku lililonse lokhala m'lole yotentha linali lowononga. Mu 1986 Kodak inalengeza kuti ikuchoka ku South Africa ndi kuleka kugulitsa katundu wake kumeneko chifukwa cha ulamuliro wa tsankho. Choncho amene ankatumiza mbale kuti akamugulire filimu ya Kodak ku Johannesburg anayenera kufunsa kumene wogulitsayo waipeza ndi nthawi imene yakhala m'sitolo. Kenaka mu Febuluwale 1994 boma linalekerera kwacha kuti ipeze yokha mphamvu yake pamsika, ndipo dola imodzi, imene inali pafupifupi K4.50, inafika pa K15 chakacho chisanathe. Katundu yense wakunja anakwera mtengo, filimu ili pomwepo.

Kudalira filimu yakunja sikunali vuto la ojambula a m'malokeshoni okha. Pa kalembera wa chisankho cha 1999 aliyense ankayenera kujambulidwa chithunzi cha pachiphaso chake chovotera, ndipo m'malo ambiri olembetsera mafilimu ndi zipangizo zina zinaperewera. Anthu ankabwerera kunyumba osalembetsa. Nthawi ya kalembera inawonjezedwa, ndipo chisankho chimene chinayenera kuchitika mu Meyi chinachitika pa 15 Juni. Apa dziko lonse linalawa zimene wojambula wa ku Bangwe ankazidziwa kalekale, zoti fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Nanga ojambulawo ankadziteteza bwanji? Poyamba, ankakakamira dzina la filimu limene analiyesa kale, osatengeka ndi kutchipa kwa katundu wachilendo. Chachiwiri, ankayang'anitsitsa tsiku lothera mphamvu ndi kamatidwe ka bokosi. Chachitatu, ankagula kwa wamalonda mmodzimodzi amene katundu wake sankakhalitsa pashelefu, podziwa kuti munthu amene mudzaonana nayenso mawa amachita manyazi kukupusitsa. Chachinayi, wanzeru ankayamba wajambula ndi kutsuka filimu imodzi ya m'gulu latsopano asanapite nayo kuukwati. Potsiriza, akamatumiza munthu kunja, ankasankha mbale kapena mnzake wa kumpingo, amene akanyenga adzasowa pobisa nkhope. Njira zonsezi cholinga chake chinali chimodzi: kusandutsa mlendo wakutali kukhala munthu amene angathe kufunsidwa mlandu.

Zithunzi zamakaka zitatchipa, zakuda ndi zoyera zinayamba kuchepa, ndipo makamera a dijito ndi mafoni a m'manja anadzamaliza nkhani. Ilford inagwa m'ngongole mu 2004, koma akuluakulu ake ena anaiwombola mu 2005 pansi pa dzina la Harman Technology. AgfaPhoto inagwa mu 2005, ndipo Kodak inapempha chitetezo cha khoti pa ngongole zake mu Januwale 2012. Komabe filimu sinafe. Harman ikupangabe filimu ya Ilford ku Mobberley, ku England. Kodak ikupangabe ku Rochester. Ndipo Foma ikupanga ku Czech Republic.

Lero mnyamata kapena mtsikana wa ku Chilomoni amene wapeza kamera ya agogo ake nafuna kuiyesa, kawirikawiri ayenera kuitanitsa filimu kunja kudzera pa intaneti. Amalipiriratu ndi ndalama zakunja, zimene zinakwera mtengo kwambiri pamene kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Wogulitsayo sakumudziwa. Filimu ingathe kukhala yotha mphamvu, yosungidwa potentha, kapena yowonongedwa ndi makina atsopano a CT ounikira katundu pa mabwalo ena a ndege. Chithunzi cha kabokosi chimene amachiona pafoni sichimuuza za m'kati, monga momwe bokosi lofika kwa Katunga silinkamuuzira Chisuse.

Malangizo a ojambula akale ndi amene angamuthandize: kugula kwa wogulitsa wodziwika amene ali ndi keyala yeniyeni, kufunsiratu tsiku lothera mphamvu ndi kasungidwe ka filimuyo, kuyamba ndi zochepa, ndi kumva kwa ena amene anagulako kale. Malangizo omwewa ndi othandizanso pogula mankhwala, mbewu, galimoto kapena foni kuchokera kunja, pakuti dziko lathu limagula zambiri kwa anthu amene silinawaone. Mukadzapita kunyumba patchuthi, mupemphe agogo akutsegulireni sutikesi ija. Muwafunse dzina la amene anawajambula, chaka chake ndi malo ake, ndipo mulembe zimenezo kuseri kwa chithunzicho ndi pensulo.