Katswiri wa Ndege Amene Anafika ku Kasungu

Pa 17 Disembala 1903, pamalo amchenga a Kill Devil Hills m'dziko la America, Orville Wright anauluka kwa masekondi 12 m'ndege yainjini imene iye ndi mbale wake Wilbur anapanga. Patapita zaka 100, Aamerika anafuna kukumbukira tsikulo pouluka ndi ndege yofanana ndendende ndi yoyambayo. Anaipanga a Ken Hyde ndi anzawo, ndipo woiyendetsa anali injiniya wina, a Kevin Kochersberger, amene pa nthawiyo ankaphunzitsa ku Rochester Institute of Technology.

Tsikulo linafika ndi mvula, mphepo nayo inali yochepa. Pamaso pa khamu la anthu, ndegeyo inathamanga pa njanji yake, nikweza mphuno pang'ono, kenaka n'kugwera m'chithaphwi. Sinauluke. Komatu mwezi wa Novembala chaka chomwecho, poiyesera, a Kochersberger anali atauluka nayo. Choncho vuto silinali umisiri wawo koma nyengo, pakuti ndege yachikale yotere imadalira mphepo yamphamvu yoomba kuchokera kutsogolo.

Pambuyo pake anasamukira ku Virginia Tech, kumene anatsogolera kafukufuku wa ndege zopanda woyendetsa, zimene anthu amazitcha madironi. Ntchito imeneyi ndiyo inaŵafikitsa kuno.

Omvera a ku Malomo ndi a m'mapiri a Ntchisi ndi Dowa akudziŵa bwino mmene misewu yafumbi imakhalira m'dzinja. Magazi a khanda lobadwa kwa mayi amene ali ndi HIV amaumitsidwa pa kapepala, ndipo kapepalako kamayenera kufika ku labotale ya chipatala chachikulu. Zotsatira zikachedwa, mankhwala nawo amachedwa, pamene khanda silidikira. Nchifukwa chake m'chaka cha 2016 bungwe la UNICEF linayesa kunyamula zoterezi pa dironi mu Lilongwe, ndipo mu Juni 2017 Boma la Malaŵi ndi bungwelo anatsegula dera loyeseramo madironi mozungulira bwalo la ndege la Kasungu.

Mu Novembala 2017 a Kochersberger anafika ku Kasungu ndi kandege kotchedwa EcoSoar. Chosiyanitsa kandegeka ndi zinzake chinali kutchipa kwake: mapiko ake anali a zipangizo zopepuka ngati katoni, zoti munthu angathe kudula ndi kumata yekha. Ophunzira achimalaŵi ndiwo anakalumikiza ndi manja awo. Kananyamuka pa chipatala chaching'ono cha Gogode n'kuuluka mtunda wa makilomita 19 kukafika pabwalo la ndege, katanyamula katundu woyerekeza wa chipatala. Pamenepa nzeru ya mphunzitsiyo inaoneka, chifukwa chida choti chikathyoka n'kudikira zitsulo za kunja sichikhalitsa kumudzi.

Mu Januwale 2020 sukulu ya African Drone and Data Academy inatsegulidwa mu Lilongwe, ndipo maphunziro ake anakonzedwa ndi a ku Virginia Tech. Achinyamata ochokera m'maiko osiyanasiyana a mu Africa anayamba kuphunzira pamenepo kupanga madironi, kuwaulutsa ndi kumasulira zithunzi zimene amajambula ali m'mwamba.