Mphunzitsi wa Masewera ku Chipata: Kuchokera pa Dirilo Kufika pa Mayeso

Sukulu zisanabwere kum'mawa kwa Zambia, thupi la mwana linkaphunzitsidwa kale. Mnyamata wa Chingoni ankalimba miyendo povina ingoma, mtsikana ankanola changu cha manja pa chiyato, ndipo aliyense wamkulu pabwalo anali mphunzitsi.

Amishoni a Dutch Reformed atakhazikika ku Magwero mu 1899, kenako ku Madzimoyo, anayamba kusula aphunzitsi a komweko. Masewera a m'sukulu za nthawiyo anali dirilo: ana pamzere, kumanzere, kumanja, kuguba mpaka thukuta. Chimene ankafuna n'chakuti mwana azimvera. Mpira ndi mipikisano yothamanga zinalowa pang'onopang'ono pambuyo pake.

Ufulu utabwera mu 1964, Fort Jameson inasanduka Chipata, sukulu zinachuluka, ndipo koleji ya aphunzitsi ya mumzindawu, imene lero ikutchedwa Chipata College of Education, inkatulutsa aphunzitsi a pulayimale oyenera kuphunzitsa chilichonse. Apa m'pamene panagona vuto. PE, phunziro la masewera olimbitsa thupi, inkalembedwa pa ndandanda ya maphunziro koma inalibe mayeso, ndipo m'sukulu zathu phunziro lopanda mayeso limakhala ngati mwana wamasiye pa mbale ya nsima. Nthawi yake ahedi ankaipereka ku masamu, kapena ana ankapatsidwa zikwakwa kuti akatchetche udzu. Mphunzitsi wokonda masewera ankakumbukiridwa pokhapokha mpikisano wa sukulu ukayandikira. Maphunziro a uphunzitsi otchedwa ZATEC atayamba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, PE inaphatikizidwa ndi nyimbo ndi zojambula m'gawo limodzi la Expressive Arts, motero wophunzira uphunzitsi ankangoilawa.

Zinthu zinayamba kutembenuka cha m'ma 2005, chaka chimene bungwe la United Nations linachipatulira masewera ndi maphunziro olimbitsa thupi. Pulezidenti Levy Mwanawasa analamula kuti PE iziphunzitsidwa m'sukulu zonse. Lamulo lokha silikanakwanira. Chimene chinakweza ntchito ya mphunzitsi wa PE ndi ndondomeko ya maphunziro ya 2013, imene inaika PE m'gulu la maphunziro a luso ku sekondale, okhala ndi mayeso awoawo. Kuyambira pamenepo wofuna ntchitoyi ayenera kudziwa mafupa ndi minofu, chithandizo choyamba kwa wovulala ndi malamulo a masewera osiyanasiyana, kenako n'kudziwa kuwongola mayankho a ana papepala.

Zipangizo zokha ndiye sizinayende liwiro lomwelo. M'sukulu zambiri za kumidzi yozungulira Chipata, mphunzitsi wa dipuloma amaphunzitsabe malamulo a mpira ndi chimpombwa chimene ana amanga okha ndi mapepala a pulasitiki.