Kusankha TV yopyapyala yoonerapo mpira ndi kusewerapo magemu: mfundo zofunika kudziwa

Pamene mpikisano wa mpira wamiyendo wa dziko lonse unkachitikira ku South Africa m'chaka cha 2010, mabanja ambiri a m'chigawo cha kum'mwera kwa Africa ankaonerabe pa mawailesi a kanema achikale, aja a chimsana chachikulu. Masiku ano m'masitolo a ku Lilongwe, Lusaka, Tete, Harare ndi Johannesburg mwadzaza ma TV opyapyala, ndipo pa makatoni ake pamalembedwa zilembo ndi manambala ochuluka amene amasokoneza ogula. TV ndi katundu wodula yemwe banja limagula kamodzi pa zaka zingapo. Wogula akalakwitsa, amatsala ndi TV imene imaonetsa mpira mwa chimbuuzi osewera akamathamanga, yochedwa kumvera wosewera magemu, kapena yotha batire masewero asanathe.

Mitundu ya ma TV opyapyala

Ma TV a mtundu wa plasma, amene ankatchuka poonetsa bwino masewero, anasiya kupangidwa m'chaka cha 2014 pamene makampani a Panasonic, Samsung ndi LG anatseka ntchito imeneyi. Plasma imene ikugulitsidwa lero ndi yakale, ndipo imadya magetsi ambiri. Pamsika patsala mitundu iwiri ikuluikulu.

Mtundu woyamba ndi LCD, umene m'masitolo umadziwika ndi dzina loti LED chifukwa cha timababu tounikira kumbuyo kwa galasi. Mayina monga QLED, limene kampani ya Samsung inayamba kugwiritsa ntchito mu 2017, ndiponso Mini-LED, ndi a ma TV a m'gulu lomweli amene anawawonjezera kuwala ndi mitundu. Ma LCD ndiwo ochuluka, ndipo amapezeka pa mitengo yosiyanasiyana.

Mtundu wachiwiri ndi OLED, umene ma TV ake aakulu anayamba kugulitsidwa mu 2013. Pa OLED kadontho kalikonse ka chithunzi kamadziwalira kokha, kotero kuti malo akuda amadadi bii, ndipo zinthu zothamanga zimaoneka bwino. Vuto lake ndi mtengo wokwera, komanso kuti chizindikiro chimene chimakhala pamalo amodzi kwa maola ambiri tsiku ndi tsiku, monga kabokosi koonetsa zigoli kapena dzina la tchanelo, chikhoza kusiya chipsera chosafufutika. Pachifukwa chimenechi, malo omwera ndi nyumba zoonetsera mpira, kumene TV imayaka kuyambira m'mawa mpaka usiku pa tchanelo imodzi, amachita bwino kugula LCD.

Kukula kwa TV ndi mtunda wokhalira

Kukula kwa TV kumayezedwa m'mainchesi, kuchokera pa kona imodzi kufika pa kona yopingasana nayo. TV ya mainchesi 32 imakhala pafupifupi masentimita 71 m'lifupi, ya mainchesi 43 masentimita 95, ya mainchesi 55 masentimita 122, ndipo ya mainchesi 65 masentimita 144. Ndi bwino kuyeza khoma kapena tebulo asanapite kusitolo.

Njira yodziwika yopezera mtunda woyenera ndiyo kuchulukitsa muyeso wa TV ndi 1.6. Motero TV ya mainchesi 43 imayenera munthu wokhala pa mtunda wa mamita pafupifupi 1.7, ya mainchesi 55 pa mamita 2.2, ndipo ya mainchesi 65 pa mamita 2.6. Pa mpira, pamene kamera imajambula bwalo patali ndipo osewera amaoneka aang'ono, kukula kwa TV kumathandiza kwambiri kuposa zinthu zina zambiri zimene ogulitsa amatamanda.

HD, Full HD ndi 4K

Chithunzi cha pa TV chimapangidwa ndi timadontho ting'onoting'ono. TV ya HD imakhala ndi timadontho pafupifupi miliyoni imodzi, ya Full HD timadontho 1,920 m'lifupi ndi 1,080 m'litali, zomwe zikuposa pang'ono mamiliyoni awiri, pamene ya 4K ili ndi 3,840 ndi 2,160, zomwe ndi timadontho pafupifupi mamiliyoni 8.3.

Komabe TV siingaonetse zoposa zimene yalandira. Matchanelo ambiri a masewero amene amafika m'chigawo chino kudzera pa dekoda amaulutsidwa mu HD kapena kuchepera apo. TV ya 4K imachita kutambasula chithunzi choterocho kuti chidzaze galasi lonse, ndipo luso lotambasulali limasiyana pakati pa TV ndi TV. N'chifukwa chake wogula ayenera kupempha kuti amuonetse tchanelo wamba ya mpira, osati zithunzi zokongola zimene masitolo amaika mwadala. Pa TV ya mainchesi 32, kusiyana kwa Full HD ndi 4K sikuoneka munthu akakhala pa mpando wa pabalaza. Kumayamba kuoneka pa ma TV a mainchesi 50 kupita m'tsogolo.

Oonera kudzera pa intaneti ayenera kuwerengeranso mtengo wa mabandulo. Kampani ya Netflix imanena kuti ola limodzi la HD likhoza kudya magigabaiti atatu, pamene la 4K likhoza kufika pa asanu ndi awiri. Mpira wa pa intaneti umafikanso mochedwerapo poyerekeza ndi wa pa dishi, moti nthawi zina oyandikana nawo amayamba kukuwa chigoli chisanaoneke.

Liwiro losinthira zithunzi

Nambala yotsatiridwa ndi zilembo za Hz imanena kuti TV imasintha chithunzi kangati pa sekondi imodzi. Ma TV otsika mtengo amasintha ka 50 kapena ka 60, pamene odula amafika ka 100 kapena ka 120. Mpira wa m'chigawo chino umaulutsidwa pa muyeso wa 50, choncho TV ya 50 kapena 60 imatha kuonetsa zonse zimene zatumizidwa. Ya 100 kapena 120 imachepetsa chimbuuzi pamene kamera ikutembenuka mwachangu kutsatira mpira wautali.

Pano ndi pamene ogula ambiri amapusitsidwa. Mawu monga Motion Rate, TruMotion ndi Motionflow ndi mayina a malonda, ndipo nambala imene imalembedwa pambali pake kawirikawiri imakhala yoposa liwiro lenileni la galasi. Chofunika kufufuza m'kabuku ka TV ndi liwiro lenilenilo. Ma TV ambiri alinso ndi njira yopeka zithunzi zapakati pofuna kuti mayendedwe asalale. Njirayi ikakwezedwa kwambiri, mpira umatha kuoneka uwiri kapena kuzimirira kwa kamphindi, choncho imafunika kuikidwa pa mlingo wotsika.

Zofunika kwa osewera magemu

Kwa wosewera magemu monga EA Sports FC, amene analowa m'malo mwa FIFA mu 2023, kapena eFootball ya kampani ya Konami, chachikulu ndi nthawi imene imadutsa kuchokera pamene wadina batani kufika pamene zotsatira zaoneka. Nthawiyi imayezedwa m'mamilisekondi, ndipo milisekondi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi. Pa liwiro la 60, chithunzi chimodzi chimakhala mamilisekondi 16.7. TV yabwino ikaikidwa pa Game Mode imachedwa ndi mamilisekondi osapitirira 20, koma popanda kutero ena amachedwa ndi 100 kapena kuposa, zimene n'zokwanira kuti wosewera aphonye penate. TV yopanda Game Mode siyenera munthu wa magemu.

Chachiwiri ndi malo olumikizira zingwe. Makina a PlayStation 5 ndi Xbox Series X, amene anatuluka mu November 2020, amatha kutumiza zithunzi za 4K ka 120 pa sekondi, koma zimenezi zimatheka pokhapokha TV ikhale ndi galasi la 120Hz, malo olumikizira a HDMI 2.1, ndi chingwe choyenera. HDMI 2.0 imalekeza pa 4K ya zithunzi 60. Ma TV ena ali ndi malo anayi a HDMI koma awiri okha ndiwo a liwiro lonse. Zilembo za VRR zikutanthauza kuti TV imatsatira liwiro la gemu kuti chithunzi chisang'ambike, pamene ALLM imachititsa TV kulowa yokha pa Game Mode makina akayatsidwa.

Amene ali ndi PlayStation 4, yomwe inatuluka mu 2013, sapindula kanthu ndi HDMI 2.1, chifukwa makinawa sapitirira zithunzi 60 pa sekondi. Ndalama zake zingagwire ntchito yabwino pogula TV yokulirapo.

Kuwala kwa chipinda ndi chiwerengero cha oonera

Mpira kawirikawiri umaoneredwa pagulu, ndipo ena amakhala cham'mbali. Magalasi a LCD alipo a mitundu iwiri yodziwika. A mtundu wa VA amaonetsa bwino malo akuda kwa munthu wokhala kutsogolo kwenikweni, koma mitundu imafwifwa kwa wokhala pambali. A mtundu wa IPS amasunga mitundu ngakhale munthu ataonera cham'mbali, ngakhale kuti mumdima malo akuda amaoneka otuwa. Pabalaza lalikulu pamayenera IPS kapena OLED, pamene m'chipinda cha munthu mmodzi wosewera usiku VA imachita bwino. Njira yosavuta yoyesera ndiyo kuima pambali pa TV m'sitolo ndi kuona ngati udzu wa pabwalo ukadali wobiriwira.

Masewero ambiri amachitika masana, choncho TV imafunika kuwala kokwanira ndipo isaikidwe moyang'anizana ndi windo. Chizindikiro cha HDR chimalembedwa ngakhale pa ma TV otsika mtengo amene alibe kuwala kokwanira kuti HDR ioneke phindu lake, motero pachokha si umboni wa chithunzi chabwino.

Kulandira matchanelo a m'dziko

Mu November 2010, nduna za maiko a SADC zinagwirizana ku Lusaka kuti chigawochi chigwiritse ntchito njira youlutsira ya DVB-T2 pochoka ku njira yakale ya analogi. Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe ndi South Africa akutsatira njira imeneyi, pamene Botswana ndi Angola anasankha ISDB-T. TV yokhala ndi DVB-T2 mkati mwake imatha kulandira ndi mlongoti wamba matchanelo amene sanatsekedwe, koma otsekedwa amafunabe dekoda ya kampani yake. TV yogulidwa ku United States kapena ku Japan imapangidwira njira zina zoulutsira, ndipo ina imafuna magetsi a mavoti 100 mpaka 120, pamene m'chigawo chino magetsi ndi a mavoti 220 mpaka 240. Yochokera ku Britain ilibe vuto la mavoti, ndipo pulagi yake ya mano atatu ndi yofanana ndi ya ku Malawi.

Magetsi

Kuzimazima kwa magetsi kwavuta maiko ambiri m'chigawo chino. Mu January 2022 namondwe wa Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira ku Malawi, mu 2023 South Africa inali ndi kuthima kwa magetsi kwa masiku ochuluka, ndipo chilala cha 2024 chinatsitsa madzi a m'damu la Kariba, zimene zinakhudza Zambia ndi Zimbabwe. Mabanja ambiri amadalira sola ndi mabatire, choncho mawati olembedwa kumbuyo kwa TV ndi ofunika kuwerenga.

TV yodya mawati 100 ikayaka maola awiri a masewero amodzi imatha mphamvu yokwana mawati 200 a pa ola. Batire wamba ya mavoti 12 ndi 100Ah imasunga pafupifupi 1,200, koma kuti ikhalitse siyenera kutsitsidwa kupyola theka. PlayStation 5 payokha imadya mawati pafupifupi 200 pamene gemu ikuseweredwa. Kuchepetsa kuwala kwa galasi kumapulumutsa mphamvu yambiri. Magetsi akamabwerera amatha kubwera mwamphamvu ndi kupsereza zipangizo, choncho kachipangizo kotetezera n'kofunika, ndipo m'nyengo ya mphenzi ndi bwino kuzula pulagi pamodzi ndi chingwe cha mlongoti kapena cha dishi.

Pa tsiku logula

Pamsika pamapezekanso ma TV achinyengo omatidwa mayina a makampani otchuka. Wogula ayenera kuona ngati nambala ya mtundu wa TV yolembedwa pa katoni ikufanana ndi ya kumbuyo kwake komanso imene TV imaonetsa ikayatsidwa. Ayenera kuiyatsa m'sitolo momwemo, kuyang'ana ngati palibe timadontho takufa kapena mabanga pa chithunzi cha mtundu umodzi, ndi kusunga lisiti. Amene amagula kunja kwa dziko lawo afunse ngati chitsimikizo chokonzera TV ikaonongeka chimagwira ntchito kwawo, ndipo awerengere msonkho wa pachipata. Ku South Africa masitolo amafunsa laisensi ya TV ya bungwe la SABC asanagulitse. Ponyamula, TV iyenera kuimikidwa m'katoni yake, chifukwa ikagonekedwa galasi limatha kusweka m'misewu ya mabampu.