Chidulo, Mchere ndi Mayina Ake a M'buku

Kalekale, njanji isanafike ku Salima m'chaka cha 1935, amayi a m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Chipoka mpaka ku Senga Bay, sankadalira sitolo pofuna kufewetsa ndiwo. Ankatentha zitsononkho za chimanga kapena makoko a nthochi, naika phulusalo m'phale lobowola kunsi, nathirapo madzi. Madzi ofiirira amene ankadontha m'munsimo ndiwo chidulo, ndipo therere kapena khwanya wophikira chidulo sankachedwa kupsa. Mchere weniweni unali wosowa m'madera ambiri. Kumene dothi linali ndi mchere, monga ku chigwa cha Shire, anthu ankaucheza monga momwe achezera chidulo, ndipo David Livingstone anaiona ntchitoyi pa maulendo ake oyambira mu 1859.

Mdzukulu wa amayi aja akafika ku sekondale amakumana ndi mawu akuti potassium carbonate, naganiza kuti ndi mankhwala achilendo otsekeredwa m'botolo. Chonsecho chimenechi ndicho chimapatsa mphamvu chidulo cha agogo ake. Ngakhale dzinalo linabadwira m'phulusa, pakuti Angerezi nawonso ankacheza phulusa la nkhuni, naphitsa madziwo m'miphika mpaka kuuma, ndipo zotsalirazo ankazitcha potash, ndiye kuti phulusa la mumphika.

Masiku amenewo mayina a mankhwala ku Ulaya anali achisawawa. Panali batala wa antimony amene sankadyedwa, panalinso shuga wa mtovu, wotsekemera pakamwa koma wakupha. Dzina lotere n'loipa kuposa kusowa dzina. Mu 1787 akatswiri anayi a ku France, Antoine Lavoisier, Guyton de Morveau, Claude Berthollet ndi Antoine Fourcroy, anatulutsa buku lokhazikitsa lamulo lakuti dzina la mankhwala lizinena zimene zili m'kati mwake. Lamulolo linali labwino, koma eniakewo anaphonya pa mchere wa m'ndiwo, umene anautcha muriate de soude poganiza kuti muli oxygen. Lavoisier sanaone kukonzedwa kwa cholakwachi, poti anamudula mutu mu 1794 pa nthawi ya chipwirikiti cha ndale m'dzikolo.

Wokonza anali Humphry Davy wa ku London. Mu 1807 iye anadutsitsa magetsi mu potash woyeretsedwa, ndipo munatuluka timibulu tonyezimira, tina n'kuyaka moto pomwepo. Chitsulo chatsopanocho anachitcha potassium. Patangopita masiku owerengeka anapezanso sodium kuchokera mu soda, ndipo mu 1810 anaonetsa kuti mpweya wobiriwira wotuluka mu mchere sungaphwanyidwe kukhala zinthu zina, nautcha chlorine. Apa ndi pamene panachokera dzina lakuti sodium chloride. Mathero akuti -ide nthawi zambiri amasonyeza kuti zinthu zaphatikizana ziwiri zokha, pamene -ate, monga mu carbonate, amaulula kuti mulinso oxygen. Zilembo zoimira mayinawa anaziyambitsa Jöns Jacob Berzelius wa ku Sweden cha mu 1813. Chilembo K, chimene chimasokoneza ophunzira ambiri, chimaimira kalium, mawu ochokera ku Chiarabu, otanthauzanso phulusa la zomera.

Komabe dzina silinkafotokoza chifukwa chimene chitsulo choyaka m'madzi ndi mpweya wakupha zimagwirizanirana n'kukhala chakudya. Yankho linadikira mpaka J. J. Thomson atatulukira elekitironi mu 1897. Mu 1902 Gilbert Lewis, mphunzitsi wachinyamata wa ku America, pofuna kuthandiza ophunzira ake, anajambula atomu ngati kabokosi kokhala ndi maelekitironi m'makona ake 8. Mu 1916, ali ku Berkeley, anasindikiza njira yosavuta kwambiri: kulemba chilembo n'kuchizunguliza ndi timadontho toimira maelekitironi a mu mzere wakunja.

Sodium ali ndi maelekitironi 11, koma ku mzere wakunja kuli imodzi yokha, choncho Na amalandira kadontho kamodzi. Chlorine ali ndi 17, ndipo 7 ndiwo ali kunja. Mpata umodzi ndi wopanda kanthu. Sodium akapereka kadontho kake, chlorine amakwanitsa 8, ndipo awiriwo amakokana chifukwa wina wasanduka Na+, mnzakeyo Cl−. M'madzi a m'nyanja ya Malaŵi nkhani ndi ina: oxygen ndi hydrogen sapatsana maelekitironi koma amagwiritsa ntchito limodzi, awiriawiri, ndipo pa chithunzi timadonthoto timakhala pakati pa zilembo. Kugawana kumeneku ndiyo inali mfundo yaikulu ya Lewis, ngakhale kuti iye anamwalira mu 1946 osalandira mphoto ya Nobel.

Chidulo nachonso chimatsata timadontho. Potassium ali ndi kamodzi kunja, pamene carbonate amafuna tiwiri, n'chifukwa chake amalemba K2CO3. Masitolo atachuluka m'mbali mwa njanji, amayi ambiri a ku Salima anayamba kuthira soda wogula mu therere, ndipo dzina lake m'buku ndi sodium hydrogencarbonate, NaHCO3.