Mizinga ikuluikulu ya Krupp: kufika patali kapena kuswa malinga

Pa 29 Malichi 1918, tsiku la Lachisanu Loyera, anthu ali pakati pa mapemphero m'tchalitchi cha Saint-Gervais ku Paris, denga linawagwera. Pafupifupi 90 anafa. Kumwamba kunalibe ndege. Chinawapha ndi chipolopolo chochokera pa mtunda wa makilomita 120, cha mzinga wa Ajeremani wotchedwa Paris Gun.

Mpikisano wopanga mizinga yoopsa ndi wakale. Mu 1453, Mehmed II anagumula malinga a Constantinople ndi mizinga yamkuwa yoponya miyala, ndipo waukulu mwa iyo unkakokedwa ndi ng'ombe zambirimbiri. Koma nthawi zonse amisiri ankakumana ndi vuto limodzi: chipolopolo chikalemera sichipita patali, chikapepuka sichiswa khoma.

Kampani ya Ajeremani ya Krupp inayesa mbali zonse ziwiri. Mu 1914 inatulutsa Big Bertha, wa pakamwa pa mamilimita 420. Unaphwanya malinga a Liège ku Belgium ndi zipolopolo za makilogalamu pafupifupi 800, koma pamtunda wa makilomita 9 okha kapena kuposerapo pang'ono. Paris Gun unali wosiyana: mpope wake unali wa mamita 34, chipolopolo chake cha makilogalamu 100 chabe chinkakwera m'mwamba makilomita 40. Sunkatha kulunjika nyumba imodzi. Chandamale chake chinali mzinda wonse. Unapha anthu pafupifupi 250.

Chimphona chenicheni cha Krupp chinali Schwerer Gustav: matani 1,350, pakamwa mamilimita 800, choyenda pa njanji ziwiri zogundizana. Chipolopolo cha matani 7 chinkafika makilomita 38, cha matani 4.8 makilomita 47. Ajeremani anaupanga kuti uswe malinga a Maginot ku France, koma dzikolo linagonja mzingawo usanathe. Ku Sevastopol mu Juni 1942, anthu zikwizikwi anakhetsa thukuta masabata angapo kuyala njanji ndi kulumikiza mzingawo, kenaka unawomba zipolopolo 48 zokha. Chimodzi chinaboola nthaka mamita 30 n'kuphulitsa nkhokwe ya zida.

Akuluakulu amati mutu ukakula sulewa nkhonya. Ndege zitayamba kunyamula mabomba olemera kupita nawo kutali, zimphona zosatha kuthawazi zinatha ntchito. Ajeremani okha anaphwasula Gustav mu 1945. Paris Gun sunapezekenso. Tchalitchi cha Saint-Gervais chilipobe, ndipo m'kati mwake muli malo okumbukira aja anafa akupemphera.